Chenjezo la mabingu, matalala ndi tornado kuno ku Gauteng: timaliwerenga bwanji?

Mavuto_Kempton

Moni nonse abale a kuno ku Joni. Funso langa likupita kwa inu amene mumatsata zanyengo mozama. Anthu ambiri akwathu amagwira ntchito panja, ena amakhoma madenga, ena amaika masola, ena ali m'magadeni. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mauthenga a South African Weather Service amabwera pafupipafupi, lero akuti Level 2, mawa Level 4, nthawi zina 5 kapena 6. Tsiku lina chenjezo lilipo koma dzuwa likuswa mtengo mpaka madzulo. Tsiku lina matalala akuphwanya magalasi a galimoto ku Midrand pomwe ku Soweto kulibe ndi dontho lomwe. Akatswiriwa amaona chiyani kuti anene kuti lero kuli ngozi? Nanga munthu wamba angathe kuziona yekha pa foni kuti adziwe nthawi yotsitsa anthu padenga?

Chachiwiri ndi za tornado, kamvuluvulu wamphamvu wotsika kuchokera mumtambo wa mabingu. Pa YouTube timaona za ku Oklahoma ndi Kansas ku America, ndi mapu awo amitundumitundu. Njira yawo yoloserayo ingagwire ntchito kuno?

aMbewe_Centurion

Achimwene Mavuto, gwirani ichi kaye: chenjezo silinena za pabwalo panu. Limanena kuti m'dera lonse lomwe alipaka mtundu pa mapu, zofunika kuti mtambo woopsa ubadwe zakwanira. Mtambo umodzi wa mabingu umangophimba makilomita 10 kapena 20, ndipo kanjira komwe matalala akuluakulu amagwamo kamachepa kuposa pamenepo. Midrand ikaphwanyidwa Soweto ili gwa, olosera sanalakwe.

Zimene amayang'ana mutha kuziona nokha pa tsamba la pa intaneti la Windy kapena masamba ena oonetsa zotuluka m'makompyuta olosera zanyengo a ku Ulaya (ECMWF) ndi a ku America (GFS).

Yambani ndi chinyezi cha mpweya wa pansi. Chathu chimachokera ku Indian Ocean, ndipo chimalowa ndi mphepo ya kum'mawa kapena ya kumpoto chakum'mawa kudzera ku Mozambique ndi Mpumalanga. Peresenti ya chinyezi isiyeni, chifukwa imakwera m'mawa ndi kutsika masana ngakhale nthunzi ya mumpweya isanasinthe. Yang'anani dew point, komwe ndi kuzizira kumene mpweya uyenera kufika kuti mame ayambe. Kuno ku Highveld, dera lokwera lomwe kuli Gauteng, ikakhala pansi pa madigiri 8, mitambo imavutika kukula, ndipo ikakula mvula yake yambiri imaumira m'malere. Ikafika 13 mpaka 16, chinyezi chakwana.

Kenako onani mphamvu yokweza mpweya, yomwe pa mapu amailemba kuti CAPE. Imabwera pamene pansi patentha koma kumwamba kwazizira, kotero kuti mpweya ukangoyamba kukwera umapitirira wokha. Pansi pa 500 ndi yochepa. Kuyambira 1,000 mpaka 2,000 ndi yokwanira kubweretsa matalala. Ikapyola 2,500 tsikulo si loseweretsa. Kuzizira kwa kumwambako kuoneni pa mlingo wa 500 hPa (hPa ndi muyezo wa kulemera kwa mpweya, nambala yake imatsika mukamakwera kumwamba), womwe uli pa mamita pafupifupi 5,800 kuchokera panyanja. Pakazizira kupyola madigiri -10 m'nyengo yadzinja, ganizani za matalala.

Pano pali msampha umene umakola anthu ambiri ophunzirira pa makanema a kunja. Iwo amakonda kuona mlingo wa 850 hPa. Mlingo umenewu uli pa mamita pafupifupi 1,500, pomwe Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750. Ndiye kuti kuno uli pansi pa nthaka, ndipo zimene kompyuta ikukuonetsani pamenepo ndi zongoyerekeza. Kwa ife, onani mphepo ya pansi penipeni, kenako 700 hPa, 500 hPa ndi 400 hPa. Kutalika kwa dziko komweku ndi kumene kumatichulukitsira matalala: kuchokera pamene madzi amaundana mumtambo kufika pansi pamakhala makilomita pafupifupi 3 okha, choncho sapeza mpata wokwanira wosungunuka.

Chachitatu, pamafunika chokankha mpweyawo kuti uyambe kukwera. M'dzinja pakati pa dziko lino pamakhala mzere womwe mpweya wouma wa kumadzulo, wochokera ku Namibia ndi Northern Cape, umakumana ndi wachinyezi wa kum'mawa. Mitambo imayambira kum'mawa kwa mzerewo, kawirikawiri ku Free State ndi North West, kenako mphepo ya kumwamba imaibweretsa kuno. Nthawi zina chokankhacho ndi mpweya wozizira wotuluka mumtambo wina womwe wagwetsa kale mvula, nthawi zina ndi zitunda za Witwatersrand, nthawi zina ndi cut-off low, womwe ndi mpweya wozizira wozungulira kumwamba umene wapatuka pa njira ya mphepo ya kumadzulo.

Tsono masiku aja mukuti chenjezo lilipo koma dzuwa likuswa mtengo, kawirikawiri vuto limakhala kampweya kofunda komwe kakhala pamwamba pa mpweya wa pansi ngati chivundikiro pa poto. Pa mapu amakalemba kuti CIN. Kakalimba, palibe chimene chimachitika tsiku lonse. Kakabooka pamalo amodzi cha m'ma 4 koloko madzulo, mphamvu yonse yomwe yaunjikana kuyambira m'mawa imathera mumtambo umodzi, ndipo umenewo ndi umene umaononga. Kusiyana kwa digiri imodzi kapena ziwiri kumatha kusankha pakati pa ziwirizi, n'chifukwa chake ngakhale makompyuta abwino amaphonyapo.

Chomaliza, ndipo kwa ine ndi chimene chimasiyanitsa mvula wamba ndi yoopsa, ndi kusiyana kwa mphepo ya pansi ndi ya pa makilomita 6 kumwamba. Kuno yerekezani ya pansi ndi ya pa 400 hPa. Zikasiyana ndi mamita osakwana 10 pa sekondi, mtambo umakwera chowongoka, mvula yake imagwera mumpweya womwe ukuudyetsa, ndipo umafa pasanathe ola. Pakati pa 10 ndi 20, mitambo imabadwa motsatizana m'gulu. Kuyambira 20, omwe ndi makilomita 72 pa ola, mtambo umapendekera, mvula imagwera kumbali, mpweya wokwera umayamba kuzungulira, ndipo umatha kukhala maola angapo. Umenewu ndi supercell, ndipo matalala akulu kwambiri ndi tornado zamphamvu zimachokera kwa iwo. Mukaona pansi mphepo ikuchokera kumpoto chakum'mawa, pa 700 hPa ikuchokera kumpoto chakumadzulo, pamwamba ikuchokera kumadzulo mwamphamvu, CAPE ili pamwamba pa 1,500, khalani tcheru ngakhale kumwamba kuli mbee.

Anaphiri_Benoni

Bambo Mbewe afotokoza bwino. Ine ndiyankhe za manambala ndi za ku America.

Manambala a SAWS (South African Weather Service) sakwera ngati magiredi a mphepo. Amaphatikiza zinthu ziwiri: mwayi woti zichitike, ndi kukula kwa chionongeko zikachitika. 1 mpaka 4 ndi achikasu, 5 mpaka 9 ndi a olenji, 10 ndi wofiira. Level 2 imatanthauza mwayi waukulu wa chionongeko chochepa. Level 4 imatanthauza mwayi wochepa wa chionongeko chachikulu. Ndiye tsiku la Level 4 mwina simuona kalikonse, koma amene chimugwere chimupweteka. Ambiri amangoona mtundu wachikasu n'kunyozera, komwe ndi kulakwa. Werengani mawu a pansi pa mapu, chifukwa ndi mmene amanena ngati akuopa matalala, mphepo ya mkuntho kapena madzi osefukira, komanso kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji.

Ku America ntchitoyi imagwiridwa ndi Storm Prediction Center ya ku Norman, m'boma la Oklahoma. Kuyambira mu 2014 amagwiritsa ntchito magawo asanu: Marginal, Slight, Enhanced, Moderate ndi High. Peresenti yomwe amalemba ndi mwayi woti chinthucho chichitike mkati mwa makilomita 40 kuchokera pamene mwaima. 5 peresenti ya tornado imaoneka yochepa, koma poyerekeza ndi tsiku wamba ndi yaikulu ndithu. Dziko lawo limalandira tornado zoposa 1,000 pa chaka chifukwa cha mmene linakhalira: chinyezi chimachokera ku Gulf of Mexico popanda phiri lochitchinga, mpweya wouma umatsika kuchokera ku mapiri a Rocky ndi zitunda za Mexico, ndipo madzulo pamabwera mphepo yamphamvu ya pafupi ndi pansi yochokera kumwera. Mphepo ya pansi imeneyi ndi imene ife sitikhala nayo kawirikawiri, ndipo mitambo yathu imakhala kutali ndi nthaka. N'chifukwa chake zathu ndi zochepa ndipo zambiri ndi zofooka.

Koma zilipo. Pa 20 Malichi 1990 ina inaononga nyumba masauzande ku Welkom. Pa 2 Okutobala 2011 inagwa ku Duduza pafupi ndi Nigel, mwana mmodzi anamwalira. Pa 26 Julaye 2016 inadutsa ku Tembisa n'kusasula denga la Phumulani Mall, ndipo taonani mwezi wake, pakati pa nyengo yozizira, chifukwa cha cut-off low. Pa 11 Disembala 2017 inagwa ku Vaal Marina. Ya ku Tongaat ku KwaZulu-Natal pa 3 Juni 2024 anaiika pa EF3, kutanthauza mphepo ya makilomita 219 mpaka 266 pa ola.

Zofunika kuti tornado ibadwe ndi zimodzi kulikonse, koma mbali zimatembenuka chifukwa tili kumwera kwa equator. Kwawo supercell imapatukira kumanja kwa njira yomwe mitambo ina ikulowera, kuno imapatukira kumanzere. Mitambo ina ikamalowera kum'mawa, iyo imakhotera kumpoto chakum'mawa kapena kumpoto. Kuzungulira kwake kuno kumatsata mivi ya wotchi. Kambedza kamene kamaoneka pa radar (makina oona pamene pali mvula mumitambo), komwe tornado imabisala, kwawo kamakhala kumwera chakumadzulo kwa mtambo, kuno kayang'aneni kumbuyo chakumanzere, kawirikawiri kumpoto chakumadzulo. Ngakhale nambala ya helicity, yoyeza mphamvu ya mphepo yozungulitsa mtambo, yomwe kwawo amaiopa ikakwera, kuno yoopsa ndi yokhala ndi chizindikiro chochotsera. Munthu amene waloweza malamulo a ku Kansas osawatembenuza amayang'ana mbali yolakwika ya mtambo.

Kusiyana kwina n'kwakuti iwo ali ndi ma radar pafupifupi 160 ndi masaireni m'matauni, komabe chenjezo la tornado limangopatsa anthu mphindi 10 mpaka 15. Kuno masaireni otere kulibe. Maso anu ndi foni yanu ndizo muli nazo.

aKamanga_Germiston

Ndikugwirizana nanu nonse, koma achimwene Mavuto asatengeke kwambiri ndi tornado. Zimene zimapha ndi kuononga chaka ndi chaka kuno ndi ziphaliwali, madzi osefukira, matalala ndi mphepo yogwa kuchokera mumtambo. Pa 28 Novembala 2013 ndi pa 13 Novembala 2023 anali matalala. Pa 9 Novembala 2016 anali madzi, pamene magalimoto anamira pa msewu waukulu wa N3 ndipo mtsinje wa Jukskei unakokolola nyumba ku Alexandra. Madenga ambiri amene anthu amati yasasula ndi tornado amakhala atasasulidwa ndi mphepo yogwa ija. Umboni wake uli pa zinyalala: zikagwera mbali imodzi kapena kumwazika ngati zikuchokera pamalo amodzi, ndi mphepo yowongoka. Zikapingasana m'kanjira kopapatiza, ndi tornado.

Pali kasamu kamodzi komwe kamathandiza kudziwa choyembekezera. Tengani kutentha kwa masana, chotsanipo dew point, chulukitsani ndi 125. Yankho ndi kutalika kwa tsinde la mtambo kuchokera pansi, m'mamita. Kutentha 30, dew point 10: 20 kuchulukitsa ndi 125 ndi mamita 2,500. Mvula yogwa mtunda wonsewo mumpweya wouma imauma, mpweya umazizira n'kulemera, ndipo umagwa pansi mwamphamvu n'kumwazika. Tsiku lotere opani mphepo ndi fumbi, ngakhale mvula ikhale yochepa. Kutentha 24, dew point 17: mamita 875. Tsinde lili pafupi, madzi ndi ambiri, ndipo ngati mphepo ya pansi ikusiyana kwambiri ndi ya pa kilomita imodzi kumwamba, mwa mamita 10 pa sekondi kapena kuposa, apo mpamene tornado imatheka.

Makompyuta amakuthandizani dzulo lake ndi m'mawa. Ikakwana 12 koloko asiyeni, muyambe kuona zimene zilipodi. Ku Irene pafupi ndi Centurion kuli radar yomwe imaona Gauteng yonse, ndipo ndi komwenso amaulutsira chibaluni choyeza mpweya wa kumwamba. Nthawi za pa zithunzi zambiri ndi za UTC, nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayenderapo, onjezani maola 2. Nthawi zonse onani nthawi ya chithunzi, chifukwa radar imatha kuzima ndipo foni n'kumakuonetsani cha maola awiri apitawo. Dziwaninso kuti ma app ena amalemba kuti radar pomwe akuonetsa zoyerekeza kuchokera ku setilaiti kapena ku kompyuta.

Pa radar, mphamvu imayezedwa mu dBZ. Kuyambira 50 ndi mvula yamphamvu, kuyambira 60 matalala ndi osakayikitsa kwenikweni. Tengani zithunzi ziwiri zosiyana ndi mphindi 30. Mtambo ukasuntha makilomita 20, ukuyenda makilomita 40 pa ola. Ngati uli ku Carletonville, komwe ndi pafupifupi makilomita 70 kuchokera pakati pa Johannesburg, muli ndi nthawi yosakwana maola 2. Koma chotsanipo theka la ola, chifukwa mpweya wozizira umathamanga patsogolo pa mtambo n'kubereka mitambo ina pafupi ndi inu. Ndipo mukaona umodzi wasiya anzake n'kukhotera kumanzere, monga anenera Anaphiri, njira yomwe munawerengera ija yasintha.

Pamene Bambo Mbewe atchula za masiku a mphepo yofooka kumwamba, ndionjezepo kuti amenewo ali ndi ngozi yawoyawo. Mtambo suyenda, umakhuthulira madzi onse pamalo amodzi. Mamilimita 50 m'ola limodzi pa mzinda wa phula ndi simenti amadzaza ngalande ndi mitsinje mwansanga.

Mavuto_Kempton

Zikomo kwambiri akuluakulu, zamveka. Tsono pa ntchito penipeni, tinene kuti chenjezo ndi Level 4 kuyambira 2 koloko masana ndipo anthu ali padenga. Atsike liti? Nanga abale athu okhala m'mikhukhu ku Diepsloot, Tembisa ndi Alexandra achite chiyani, poti nyumba ya njerwa yothawiramo si onse ali nayo?

aChisale_Roodepoort

Achimwene, tsiku lotere ntchito ya padenga iyambe 6 koloko m'mawa ndipo ithe pofika 1 koloko. Mitambo yathu yambiri imakula pakati pa 2 koloko masana ndi 8 koloko usiku. Musasasule denga lalikulu kuposa limene mungathe kutseka m'mphindi 30. Malata ndi masola omwe sanakhomedwe asakhale padenga nthawi ya nkhomaliro, atsitseni, muwasanjikize pansi ndi kuwamanga ndi lamba, chifukwa lata limodzi louluka limadula munthu.

Chotsitsa anthu ndi bingu, osati mvula. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke, gawani ndi 3, mwapeza makilomita. Masekondi 30 ndi makilomita 10, ndipo pamenepo chiphaliwali chikhoza kukufikani kale. Aliyense atsike, achoke pa makwerero ndi pa sikafodi, alowe m'nyumba kapena m'galimoto yotseka. Osati pansi pa mtengo, osati pansi pa kashedi ka malata kopanda makoma. Abwerere patatha mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ambiri amavulala pobwerera msanga, mvula itasiya koma mtambo usanapite kutali.

Za mikhukhu, ntchito yake ndi ya mu Seputembala, isanayambe mvula. Mphepo siikankha denga, imaliyamwa kuchokera pamwamba, ndipo imayambira m'makona ndi m'mphepete. Miyala ndi matayala oikidwa padenga sizigwira pa mphepo ya makilomita 90 pa ola, zimangogwera anthu. Khomani malata ndi masikuluwu a padenga okhala ndi mphira, pa msana wa lata osati m'chigwa, ndipo m'mphepete ndi m'makona muwaike pafupipafupi kuwirikiza kawiri kuposa pakati. Mtanda uliwonse umangidwe ku khoma ndi waya wolimba kapena hupu, ndipo nsanamira zilowe pansi theka la mita ndi simenti. Denga lokhomedwa bwino pa mitanda yosamangidwa limauluka lonse pamodzi. Lata lisatuluke kunja kwa khoma kupyola masentimita 30. Chitseko chikhale chotseka mphepo ikamawomba, chifukwa ikalowa mkati imakankha denga kuchokera pansi pomwe ya kunja ikuliyamwa.

Pa tornado mkhukhu sungalimbe, ngakhale utakhomedwa bwanji. Banja lidziwiretu nyumba ya njerwa yomwe lingafikeko m'mphindi 5, kaya ya mnansi, tchalitchi kapena sitolo. Zizindikiro zothawira ndi tsinde la mtambo lomwe latsika n'kumazungulira, fumbi ndi zinyalala zikukwera mozungulira pansi pake ngakhale mchira wa mtambo sunafike pansi, ndi mkokomo wosalekeza. Kamvuluvulu wa fumbi wa pa tsiku ladzuwa ndi wina, alibe mtambo pamwamba ndipo amatha msanga. M'nyumba ya njerwa lowani chipinda chapakati chopanda zenera, monga bafa kapena kolido, pansi penipeni ngati ndi yosanja, mugwade ndi kuphimba mutu ndi matiresi. Musataye nthawi kutsegula mazenera. Mukapezeka pabwalo popanda pothawira, gonani chafufumimba pamalo otsika, manja kumutu, kutali ndi mitengo ndi malata. Pansi pa mlatho wa msewu si pothawira, mphepo imathamanga kwambiri pamenepo.

Okhala m'mbali mwa Jukskei ndi Klip River aziona mvula ya kumtunda, osati ya pakhomo pawo, chifukwa madzi amafika ngakhale pamenepo pasanagwe dontho. Madzi othamanga a masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono. Mapasipoti, mapemiti ndi mankhwala zikhale m'pulasitiki imodzi yomanga, pamalo okwera pafupi ndi chitseko. Nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112, ndipo imalowa ngakhale mulibe mayunitsi.